Cocci, diplo, strepto, staphylo: mayina a mabakiteriya ozungulirawa amatanthauza chani?

Funso lachokera kwa mchemwali wina wa ku Luchenza amene ali chaka choyamba kusukulu ya unamwino. Akuti: "Mu notsi za microbiology muli mawu ambirimbiri othera ndi coccus, kaya diplococcus, streptococcus, staphylococcus, kenako tetrad ndi sarcina, ine ndikungoloweza osamva kanthu. Komanso mwana wa achimwene anga anali ndi chithupsa chachikulu pantchafu, pepala la ku labu linalembedwa kuti Gram positive cocci in clusters. Limenelo ndi dzina la matenda kapena? Zonsezi zikusiyana pati?"

Zikomo achemwali pofunsa, ndipo musadandaule, ambiri amayamba ndi kuloweza komweko. Ndiyambe ndi za pepalalo chifukwa ndi zomwe zimasowetsa makolo mtendere. Ayi, si dzina la matenda, ndiponso si dzina lenileni la kachilomboko. Apa ndinene msanga kuti ndikamati kachilombo sindikunena HIV, paja kwathu kuno mawu amenewa akangotchulidwa mitima imathawira kumeneko, ine ndikunena bakiteriya basi. Zimene zalembedwazo ndi munthu wa ku labu akuuza dokotala zomwe maso ake aona pa maikolosikopu: taona tizilombo tozungulira, tagwira utoto wa pepo, ndipo taunjikana m'magulumagulu. Mawu onse mwatchulawo anayamba chonchi, anthu ankangofotokoza zomwe akuona, ndiye mukawamva motero simuvutikanso ndi kuloweza.

Mabakiteriya ambiri omwe timakumana nawo kuchipatala ali ndi maonekedwe atatu akuluakulu. Ena ndi otalika ngati kandodo, awa ndi ma bacilli, monga ka TB kapena ka typhoid. Ena ndi opindika kapena opotana, monga ka kolera ndi ka chindoko. Ndiye pali ozungulira, awa ndiye nkhani yathu. Kamodzi timati coccus, akachuluka timati cocci, ndipo mawuwa anachokera ku Chigiriki, kokkos, kutanthauza kanjere kapena kachipatso kakang'ono kozungulira. Kukula kwake kamodzi ndi pafupifupi 1 micrometre, ena kucheperako pang'ono mpaka 0.5, ndiye kuti mutawandandalika 1,000 pamzere angokwana milimita imodzi yokha, kamzere kamodzi kakang'ono ka pa rula. Selo yofiira ya magazi ndi 7 kapena 8 micrometres, yaikulu kwambiri poyerekeza. N'chifukwa chake ku labu timaona pa lens ya x100 titadontheza kadontho ka mafuta pa silaidi, kuphatikiza ndi ya pamaso ya x10 chinthucho chimakula ka 1,000, apo ayi simuona kanthu koma timadontho tosadziwika bwino.

Tsopano apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse, chifukwa china chilichonse chikuchokera pamenepa. Bakiteriya sabereka ngati nyama, amangogawikana pakati, mmodzi kukhala awiri, awiri kukhala anayi. Akagawikana choncho nthawi zambiri sasiyaniranatu, amatsala ataphatikana. Ndiye mmene aonekere pa silaidi zimadalira zinthu ziwiri zokha: akudulidwa molowera kuti nthawi iliyonse, nanga akadulidwa akugwiranabe kapena akutayana? Ngati akudulidwa molowera mbali imodzimodzi nthawi zonse koma n'kumatayana pakapita kanthawi, mupeza awiriawiri. Ngati mbali ndi imodzi yomweyo koma sakutayana, mzere umangotalika, mupeza unyolo. Ngati adulidwa choimirira kenako chopingasa, mupeza anayi atapanga kasikweya. Akawonjezera kudulidwa kachitatu, pamwamba ndi pansi, mupeza eyiti atapanga kabokosi. Ndipo ngati akusinthasintha mbali n'kumatsetsereka osatsata mzere, mupeza mulu wopanda dongosolo. Mayina asanu amene akukuvutani aja ndi amenewa basi, diplo, strepto, tetrad, sarcina, staphylo, m'ndondomeko yomweyi. Ine ophunzira akabwera ku labu ndimawauza kuti ajambule okha papepala kagawidwe kameneka asanatsegule buku, akajambula kamodzi saiwalanso.

Diplo ndi pawiri, ndiye diplococci ndi ozungulira oyenda awiriawiri. Gulu limeneli musalipeputse chifukwa muli atatu amene mukumane nawo kwambiri ku wodi. Woyamba ndi Neisseria gonorrhoeae, woyambitsa chinzonono, amene Albert Neisser anamuona mu 1879 ndipo dzina la Neisseria likuchokera kwa iyeyo. Wachiwiri ndi m'bale wake Neisseria meningitidis, amene timamutchanso meningococcus, mmodzi mwa oyambitsa matenda oumitsa khosi, anapezedwa ndi Anton Weichselbaum ku Vienna mu 1887. Awiriwa pa silaidi amaoneka ngati nyemba ziwiri zagonekedwa moyang'anizana mbali zopindikira mkati zija, ndipo kawirikawiri mumawapeza ali mkati mwa maselo oyera a magazi amene awameza pofuna kuwapha. Wachitatu ndi pneumococcus, mwini wake wa chibayo, yemwenso amaumitsa khosi ndi kutulutsa mafinya m'makutu mwa ana. Iyeyu awiri ake ndi osongoka kunsonga pang'ono ndipo amavala kapsulo, chikuta choterera chimene chimapangitsa asilikali a m'thupi kulephera kumugwira. Mitundu ya kapsuloyi ndi yoposa 90, ndipo katemera wa PCV13 amene Malawi inayamba kupereka mu November 2011, uja ana amabaidwa kusikelo ali ndi masabata 6, 10 ndi 14, anapangidwa kuti ateteze ku mitundu 13 mwa imeneyi. Ndiye mukamaona 13 pa dzinalo dziwani kuti akuwerenga makapsulo.

Strepto ikuchokera ku streptos, chinthu chopindika mosavuta, chopotana ngati unyolo. Dzinali anapereka ndi dokotala wa maopaleshoni Theodor Billroth m'zaka za m'ma 1870 ataona tizilombo tandandalikana m'mafinya a pazilonda. Banja limeneli ndi lalikulu ndiye analigawanso kawiri. Kugawa koyamba timaona mmene akuchitira ndi magazi tikawadzala pa mbale ya blood agar, chakudya cha mabakiteriya chosakaniza ndi magazi: akasiya mtundu wobiriwira mozungulira timati alpha, akaswa magazi onse n'kusiya malo oyera oonekera timati beta, akapanda kuchita kanthu timati gamma. Kugawa kwachiwiri anayambitsa ndi mayi wina wasayansi wa ku America, Rebecca Lancefield, mu 1933, pogwiritsa ntchito zilembo, ndiye kumene kunachokera Group A ndi Group B.

Group A ndi Streptococcus pyogenes, ndipo pyogenes ndi kunena kuti wopanga mafinya. Ameneyu ine amandidetsa nkhawa kwambiri kuposa ena onse, chifukwa amayamba ndi zilonda zapakhosi zomwe kumudzi timangoti zitha zokha, mwana amwa panado n'kubwerera kusukulu, koma pakapita masabata awiri kapena atatu ana ena thupi limayamba kulimbana ndi mtima wawo womwe, mfundo kutupa, kutentha thupi, ndipo zikamabwerezabwereza mavalavu a mtima amawonongeka mpaka kalekale. Atsikana ambiri amadzadziwika kuti ali ndi vutoli atatenga mimba, mtima ukulephera kupirira. Chonsecho penicillin wamba akanathetsa nkhaniyo pachiyambi pomwe. Group B ndi Streptococcus agalactiae, amene amatha kukhala m'njira yoberekera ya mayi osamudwalitsa koma n'kudwalitsa khanda kwambiri m'masiku oyambirira. Dzina lakuti agalactiae likutanthauza kusowa mkaka, chifukwa anayamba kudziwika ndi kutupitsa bere la ng'ombe mkaka n'kuchepa, vuto limene alimi a ng'ombe za mkaka a ku Bvumbwe ndi madera ena a Thyolo amalidziwa bwino. Palinso Streptococcus mutans amene amadya shuga wotsalira mkamwa n'kutulutsa asidi wobowola mano. Koma si onse oipa ayi, Streptococcus thermophilus ndi mmodzi mwa opanga yogati.

Staphylo ndi staphyle, phava la mphesa. Alexander Ogston, dokotala wa ku Aberdeen ku Scotland, ndi amene anaona tizilomboti m'mafinya a chithupsa mu 1880 n'kudzatipatsa dzinalo, kenako mu 1884 Friedrich Rosenbach anasiyanitsa mitundu iwiri potengera mtundu wake pa mbale: wachikasu ngati golide anamutcha aureus, woyera anamutcha albus, amene lero timati Staphylococcus epidermidis. Mbale imene Alexander Fleming anapeza itamera nkhungu mu 1928, chiyambi cha penicillin, inali ya staphylococcus yemweyu. Staphylococcus aureus amakhala m'mphuno mwa anthu ambiri athanzi, pafupifupi mmodzi mwa atatu kapena anayi aliwonse, osawachita kanthu, koma akapeza polowera pakhungu ndiye zithupsa, zilonda za opaleshoni kuchita mafinya, bere kutupa kwa mayi woyamwitsa, pena kulowa m'mafupa ndi m'magazi. Amathanso kuika poizoni m'chakudya chimene chagwiridwa ndi manja n'kusiyidwa pofunda, anthu n'kuyamba kusanza patangopita maola ochepa adya.

Tetrad ndi sarcina sindichedwapo chifukwa ku wodi simukumana nawo kawirikawiri, koma pamayeso amabwera. Tetrad ndi anayi aja, chitsanzo chake Micrococcus, amakhala pakhungu ndi m'fumbi. Sarcina ndi eyiti aja, mawu a Chilatini otanthauza mtolo womangidwa, ndipo John Goodsir ndi amene anawaona koyamba mu 1842 m'masanzi a wodwala m'mimba.

Nanga Gram positive? Gram ndi dzina la munthu, Hans Christian Gram wa ku Denmark, amene anatulukira njira yopakira utoto imeneyi mu 1884 akugwira ntchito ku Berlin. Timapaka sampulo pa silaidi, kuumitsa, kuthira utoto wa crystal violet, kenako iodine kuti utotowo ugwire, kenako kutsuka ndi alcohol kapena acetone kwa masekondi ochepa, pomaliza utoto wofiirira monga safranin. Bakiteriya amene khoma lake ndi lochindikala sataya utoto woyamba uja olo mutsuke, amatsala wa pepo, ameneyo ndi Gram positive. Amene khoma lake ndi lopyapyala amataya utotowo n'kutenga womaliza, amaoneka wa pinki, ameneyo ndi Gram negative. Mawu akuti positive apa asakuopseni ngati mmene zimakhalira ndi zoyeza zina, akungonena za mtundu wa khoma. Chosavuta kukumbukira n'chakuti ma cocci ambiri ofunika kuchipatala ndi Gram positive, staphylo, strepto, entero (a m'matumbo) onsewo, ndipo a pinki odziwika ndi a Neisseria ndi wina wotchedwa Moraxella. Dokotala amafuna kudziwa zimenezi msanga chifukwa khoma lomwelo ndi limene mankhwala ambiri amakamenya, ndiye mtundu wa khoma umamuthandiza kusankha poyambira.

Tibwererenso kwa mwana wa achimwene anu uja. Gram positive cocci in clusters, kuchokera m'mafinya a chithupsa, aliyense wa ku labu kapena clinical officer akawerenga amaganiza Staphylococcus aureus, ndipo nthawi zambiri amakhala akulondola. Koma amene analemba pepalalo anachita bwino kusalemba dzina, chifukwa ndi maso okha sungasiyanitse aureus ndi epidermidis, onse ndi a pepo, onse ndi mulu. Kuti dzina lituluke pamafunika culture, kudzala sampuloyo pa mbale n'kuika mu inchubeta pa 35 mpaka 37 digiri kwa maola 18 mpaka 24. Akamera timatapa pang'ono n'kuika mu kadontho ka hydrogen peroxide, kukatuluka thovu ndiye kuti ndi staphylo, kukakhala zii ndi strepto kapena entero, imeneyi ndi catalase test. Kenako timasakaniza ndi plasma, ikaundana ndiye aureus, imeneyo ndi coagulase test. Tsiku lotsatira ndi pamene timadziwa mankhwala amene angamuphe, poika timapepala ta mankhwala osiyanasiyana pa mbale n'kuyeza kuti waopa ati. Apa ndi pamene pamatulukira MRSA, aureus wosamva methicillin ndi abale ake monga cloxacillin, amene anaonedwa koyamba ku Britain mu 1961 ndipo pano ali paliponse, kuno komwe. Ma labu ambiri ang'onoang'ono amathera pa Gram stain pomwepo chifukwa culture imafuna zipangizo ndi magetsi osathimathima, ndiye musadabwe ngati pepala lachiwiri silinabwere. Kwa chithupsa chachikulu mankhwala aakulu ndi kuching'amba mafinya atuluke, ndipo azichita ndi achipatala, osati kufinya kunyumba. Ngati mwanayo akutenthabe thupi, kufiira kukufalikira, kapena akukana kuponda mwendowo, abwerere naye msanga chifukwa aureus amakonda kulowa m'fupa mwa ana.

Pali msampha wina umene umagwetsa ophunzira pamayeso. Mawu akuti streptococci ndi chilembo chaching'ono akhoza kungofotokoza kandandalikidwe, pomwe Streptococcus ndi chilembo chachikulu ndi dzina la banja, ndipo ziwirizi sizigwirizana nthawi zonse. Pneumococcus uja ndamuika pa diplo, koma dzina lake lonse ndi Streptococcus pneumoniae. Kwa zaka zambiri ankatchedwa Diplococcus pneumoniae chifukwa cha maonekedwe, mpaka mu 1974 pamene anamusamutsira ku banja la Streptococcus ataona kuti chibale chake chili kumeneko, ndipo mukamudzala m'madzi odyetsera mabakiteriya amapanganso timaunyolo tatifupi. Chimodzimodzi staphylo, m'mafinya enieni mumupeza pena ali yekha, pena awiri, pena kamzere ka atatu, makamaka ngati wopaka silaidi anatikita mwamphamvu n'kumwaza mulu uja. Ngakhale utoto umanama, mukachedwetsa alcohol kapena tizilombo tikakhala takalamba kapena talawa kale mankhwala, wa pepo amaoneka wa pinki. Ndiye munthu wodziwa ntchito saweruza ndi malo amodzi pa silaidi, amayendayenda kaye.

Mayina ena othera ndi coccus sakunena za kandandalikidwe n'komwe, akunena za kumene kachilomboko kamapezeka. Pneumo ndi mapapo. Meningo ndi timakungu tokuta ubongo. Entero ndi matumbo, ndiye Enterococcus amakhala m'matumbo mwathu ndipo amavutitsa akalowa m'njira ya mkodzo, makamaka kwa odwala amene aikidwa catheter nthawi yaitali, kale ankawerengedwa ngati strepto wa Group D mpaka mu 1984 pamene anapatsidwa banja lakelake. Lacto ndi mkaka, Lactococcus ndi mmodzi mwa tizilombo tosasitsa mkaka ndi kupangira tchizi. Ndiye pali coccobacillus, amene ali pakatikati, si wozungulira kwenikweni komanso si kandodo kwenikweni, monga Haemophilus influenzae amene ali mu katemera wa penta ndi Bordetella pertussis wa chifuwa chokoka mtima.

Koma amene ndikufuna musamuiwale olo pang'ono ndi Cryptococcus. Dzina likuthera ndi coccus, maonekedwe ndi ozungulira, koma si bakiteriya, ndi fangasi wa mtundu wa yisiti, wamkulu kangapo kuposa ma cocci enieni ndipo amaberekana pophuka kamwana pambali. Kuno ku Mulanje ndi Thyolo, kumene HIV inakhudza mabanja ambiri, mudzakumana naye ndithu, chifukwa ndi mmodzi mwa oyambitsa kwambiri matenda oumitsa khosi kwa akuluakulu amene chitetezo chatsika, aja anachedwa kuyamba ma ARV kapena anasiyira panjira. Wodwala amadandaula mutu wosatha kwa masiku kapena masabata, pena kusokonekera. Timamuyeza ndi CrAg, choyezera chofufuza tizidutswa ta kapsulo yake, kapena kuika India ink, inki yakuda, pa madzi a pamsana, kapsulo yake imaoneka ngati mkombero woyera pamalo akuda. Ceftriaxone amene amagwira pneumococcus ndi meningococcus, kwa ameneyu sachita kanthu, amafuna mankhwala a fangasi monga amphotericin B, flucytosine ndi fluconazole. Ndiye odwala awiri akhoza kugona mabedi oyandikana, onse khosi louma, onse pepala lili ndi mawu othera ndi coccus, koma mankhwala osiyana kotheratu.

China chomwe inu ngati namwino mudzatithandize nacho ife a ku labu ndi kulemba bwino kumene sampulo yachokera, chifukwa mawu omwewo amasintha tanthauzo kutengera malo. Gram negative diplococci ali mkati mwa maselo oyera, kuchokera m'mafinya a kumaliseche kwa bambo, chimenecho ndi chinzonono pafupifupi mosakayika, pomwe kwa mayi silaidi yokha siyodalirika kwenikweni poti kumeneko kumakhala tizilombo tina tambiri. Omwewo m'mafinya a m'maso mwa khanda la masiku ochepa ndi ngozi, diso likhoza kuwonongeka m'masiku ochepa, n'chifukwa chake ana amapakidwa tetracycline m'maso akangobadwa. Omwewo m'madzi a pamsana ndi meningococcus, dokotala adziwe nthawi yomweyo ndipo a pabanja ogona nyumba imodzi amafunika kuganiziridwanso. Omwewo m'makhololo akhoza kukhala Moraxella kapena a Neisseria osalakwa amene amangokhala pakhosi pa aliyense. Gram positive cocci in chains m'makhololo osakanikirana ndi malovu satiuza zambiri chifukwa mkamwa mwadzaza ma strepto, koma omwewo m'magazi kapena m'madzi a pamsana, mmene simuyenera kupezeka bakiteriya aliyense, ndi nkhani yaikulu. Ndiye pa fomu lembani malo enieni, zaka za wodwala, nthawi imene mwatenga, ndi mankhwala amene walandira kale. Ngati n'kotheka tengani sampulo musanabaye jekeseni yoyamba ya antibiotic, koma kwa wodwala amene mukumukayikira kuti waumitsidwa khosi musachedwetse mankhwala podikira labu. Potenga magazi a culture pukutani khungu bwinobwino ndi spirit n'kudikira liume, apo ayi epidermidis wa pakhungu amalowa m'botolo n'kutisokoneza tonse. Madzi a pamsana musawaike mu firiji, Neisseria ndi pneumococcus sapirira kuzizira, athamangitseni ku labu akadali ofunda.